Fomu yolumikizirana ya gulu la alimi a nshawa: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba

Ndayamba ntchito yokonza fomu yolumikizirana pa webusayiti ya gulu lina la alimi a nshawa, soya ndi mpendadzuwa kuno ku Chipata. Webusayitiyo inamangidwa ndi Django, pulogalamu yomangira mawebusayiti, ili pa seva yaing'ono yobwereka, kutsogolo kuli Nginx yolandira alendo ndi Gunicorn yoyendetsa Django, kumbuyo kuli MySQL, database yosungira zinthu. Amene anaimanga anasamuka kalekale. Wina amene anabwera pambuyo pake anaikweza kuchoka pa Django 3.2 kupita pa 4.2, poti 3.2 inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Epulo 2024, koma fomuyo sanaikhudze.

Madandaulo ali pawiri. Ogula ena akuti akadina batani lotumizira, pamabwera tsamba la Chingerezi lowauza kuti aletsedwa. Ena akuti fomu inawalandira bwinobwino, inawathokoza, n'kuwalonjeza yankho, koma yankholo silinabwere. Amayi amene amasunga mabuku a gululi andionetsa kope limene amalembamo anthu oimba foni, ndipo m'masamba a miyezi yapitayi muli ambiri amene anaimba atakhumudwa, poganiza kuti ofesi inawanyoza. "Abambo," anatero amayiwo, "za m'kati mwa kompyuta ine sindizidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti munthu akatilembera ayenera kuyankhidwa."

Nthawi ikutithamangitsa. Nshawa zayamba kukumbidwa ku Kasenengwa ndi ku Chipangali, ndipo Meyi akamalowa ogula a ku Lusaka, a ku Copperbelt ndi a ku Lilongwe amayamba kufunsa mitengo ndi kuchuluka kwa matumba. Wogula amene sanayankhidwe sadikira, amapita kwina, ndipo woluza amakhala mlimi amene analima chaka chonse.

Lero ndangowerenga code, osasintha kanthu. Mu `views.py` ndapeza mzere umene ndikukhulupirira kuti ndiwo wabisa mavuto onse: `send_mail` ikuitanidwa ndi `fail_silently=True`. Mzere umenewu umauza Django kuti imelo ikalephera kupita, isanene kanthu, ipitirire ngati zonse zayenda. Kenako view, gawo la code limene limayankha mlendo, imaonetsa tsamba lothokoza. Zili ngati mwana womutuma kalata amene waitaya mumtsinje wa Lunkhwakwa, n'kubwerera kudzanena kuti waipereka. Ndipo popeza fomuyo sisunga uthenga pena paliponse, zonse zimene anthu analemba m'miyezi imeneyo zinatayikiratu. Ndawauza amayiwo mosabisa kuti mauthenga akalewo sangabwezedwe.

Lachiwiri

Ndayamba ndi tsamba loletsa lija, chifukwa ndilo losavuta kuliona. Ndi 403, nambala ya cholakwa yotanthauza kuletsedwa, ndipo mu log, kaundula wa zochitika pa seva, mwalembedwa "Origin checking failed". Chodabwitsa poyamba chinali chakuti pa laputopu yanga fomu ikudutsa, koma pa foni ya mnyamata wa mu ofesi ikukana. Kusiyana kwake: ine ndimalemba adiresi pamanja popanda www, iye amalowera pa linki imene gululi linaika pa Facebook, yomwe ili ndi www.

Kuyambira pa Django 4.0, imene inatuluka mu Disembala 2021, chitetezo cha CSRF, choletsa mawebusayiti ena kutumiza fomu m'dzina la mlendo, chimayang'ananso mutu wa `Origin`, wonena adiresi imene pempho lachokera, umene browser imatumiza, n'kuuyerekeza ndi adiresi imene Django ikuganiza kuti ndi yake. Pa seva imeneyi Nginx ndiyo imalandira HTTPS, koma siuza Django kuti pempho linabwera ndi HTTPS. Django imadziona ngati ili pa http, browser ikunena https, ziwirizi sizigwirizana. Amene anakweza Django uja anazindikira vutoli n'kulemba adiresi imodzi mu `CSRF_TRUSTED_ORIGINS`, yopanda www. Aliyense wolowera pa Facebook anatsala panja, ndipo kuno ambiri amalowera kumeneko.

Ndachita zitatu. Nginx tsopano ikutumiza `X-Forwarded-Proto`, mutu wonena ngati pempho linabwera ndi HTTPS, ndipo mu settings ndaika `SECURE_PROXY_SSL_HEADER` kuti Django iziukhulupirira mutu umenewo. Apa pafunika kusamala: Nginx iyenera kulemba mutuwo yokha pa pempho lililonse, osangopititsa umene wabwera ndi mlendo. Chachitatu, adiresi ya www ndaitembenuzira ku yopanda www ndi 301, kuti webusayiti ikhale ndi dzina limodzi.

Pali njira yachidule imene ambiri amalangizana, yongoika `@csrf_exempt` pamwamba pa view kuti chitetezo cha CSRF chizime. 403 imasowadi nthawi yomweyo. Sindinaitenge, ndipo ndikupempha aliyense amene adzagwire ntchitoyi pambuyo panga asaitenge. Vuto linali pa kumvana kwa Nginx ndi Django, ndipo likanadzaonekeranso pa tsamba lolowera la admin.

Lachitatu

Ndachotsa `fail_silently=True`, ndipo nthawi yomweyo cholakwa chimene chinabisika chatulukira: `SMTPAuthenticationError`, nambala 535. Webusayiti imatumiza makalata kudzera pa akaunti ya Gmail ya gululi. Google inasiya kulola mapulogalamu kulowa ndi pasiwedi wamba pa maakaunti a anthu wamba pa 30 Meyi 2022, choncho amene anamanga webusayiti anagwiritsa ntchito pasiwedi yapadera ya pulogalamu, imene ili njira yoyenera. Koma pasiwedi yapadera imeneyi imafafanizidwa mwini akaunti akasintha pasiwedi yaikulu. Nditafunsa, amayi anakumbukira kuti anaisintha foni ya ofesi itasowa. Anachita bwino kwambiri kuisintha. Chimene chinasowa ndi chakuti webusayiti inalibe pakamwa ponenera kuti yatsekeredwa kunja.

Ndakambirana ndi apampando, ndipo tagwirizana kuti makalata azituluka pa adiresi ya dzina la webusayiti ya gululi, osadalira akaunti imene ili pa foni ya munthu. Pamenepa ndapeza vuto lina limene likanatiluma sabata yamawa. Code imaika imelo ya mlendo pa `From`, kuti amayi akadina poyankha, yankho lipite kwa mlendoyo. Cholinga n'chabwino, koma masiku ano maseva olandira makalata amafufuza ngati seva yotumiza ili ndi chilolezo cholankhulira dzina limene lalembedwa pa `From`. Ndiyo ntchito ya SPF, DKIM ndi DMARC. Yahoo inalengeza kuyambira mu 2014 kuti kalata yodzitcha ya Yahoo koma yosachokera kwa iwo izikanidwa. Ndiye wogula wa adiresi ya Yahoo akanalemba, seva yathu ikanatumiza kalata m'dzina lake, ndipo kalatayo ikanakanidwa kapena kugwera mu spam.

Ndasiya `send_mail` n'kutenga `EmailMessage`, imene imalola `reply_to`. Tsopano `From` ndi adiresi ya gululi nthawi zonse, adiresi ya mlendo ili pa `Reply-To`. Kwa amayi palibe chosintha, akadina poyankha yankho likupita kwa wogula. Ndalembanso SPF ndi DKIM mu DNS. Doko ndi 587 ndi `EMAIL_USE_TLS`. Mu settings munalinso `EMAIL_USE_SSL` yozimitsidwa, ndaichotseratu poti ziwirizi siziyatsidwa pamodzi.

Malaiti anathima masana, ntchito inaima mpaka madzulo.

Lachinayi

Lero ndilo tsiku limene ndasintha msana wa fomuyi. Maganizo anga ndi awa: fomu isathokoze munthu isanasunge mawu ake. Imelo ndi njira yongodziwitsira ofesi, ndipo njira imatha kutsekeka tsiku lililonse. Pasiwedi idzasinthidwanso, seva ya makalata idzagonanso. Uthenga wa wogula suyenera kufa pa zifukwa zimenezi.

Ndapanga model, ndiye kuti tebulo la mu database, yotchedwa `Uthenga`. Fomu ikadutsa `is_valid()`, view ikulemba uthengawo mu database, kenako ikuthokoza. Kutumiza imelo ndakuchotsa mu view kupita ku management command imene cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yake, ikuiyendetsa mphindi 5 zilizonse: imatenga mauthenga onse osatumizidwa, kuyesa kuwatumiza, ndi kulemba chizindikiro pa amene apita. Amene alephera amadikira ulendo wotsatira, ndipo cholakwa chake chimalembedwa mu log. Ndinaganizira Celery ndi Redis, mapulogalamu oyendetsa ntchito zotere kumbuyo, koma pa seva yaing'ono chonchi, kwa fomu imodzi, ndi katundu amene gululi silingathe kumusamala ndikachoka. Cron aliyense wodziwa Linux angaimvetse.

Kusinthaku kwathetsanso vuto lina. Django siika malire a nthawi yodikira seva ya makalata pokhapokha utalemba `EMAIL_TIMEOUT`, pamene Gunicorn imapha worker amene wakhala masekondi 30 osayankha. Kale, seva ya makalata ikachedwa, mlendo ankangoyang'ana tsamba likuzungulira mpaka kuona 502. Tsopano sakudikiranso imelo.

Kenako kudina kawiri. Munthu ali ku Vubwi kapena ku Chadiza, netiweki ikubwera ndi kupita, wadina batani, palibe chikuoneka, adinanso, adinanso. Sangaimbidwe mlandu, aliyense angachite chimodzimodzi. View yakale inkaonetsa tsamba lothokoza pa POST pomwepo, kotero ngakhale kungotsitsimutsa tsamba kunkatumizanso. Ndaika redirect pambuyo posunga, komanso fomu iliyonse ikutuluka ndi nambala yobisika ya UUID imene mu database ili `unique`. Pempho lachiwiri la nambala yomweyo silikulembedwanso, koma munthuyo akuonabe tsamba lothokoza, chifukwa uthenga wake wafikadi.

Poyesa madzulo, mnyamata wa mu ofesi analemba uthenga n'kumalizira ndi kachithunzi ka manja opemphera, monga timachitira tonse pa WhatsApp. Seva inabweza 500. Mu log: cholakwa 1366, "Incorrect string value", chotsatiridwa ndi `\xF0\x9F\x99\x8F`. Mtundu wa zilembo umene MySQL inkautcha `utf8` umasunga mabayiti atatu okha pa chilembo. Chilembo chathu ŵ chimakwana chifukwa ndi cha mabayiti awiri, koma tizithunzi ta pa foni ndi ta mabayiti anayi. Ndasinthira matebulo ku `utf8mb4` ndi kulemba `charset` yomweyo mu `OPTIONS` za database. Ndayamikira kuti mnyamatayo analemba monga amalembera masiku onse, chifukwa mauthenga oyesera a ife olemba code amakhala aukhondo kuposa a anthu enieni.

Lachisanu

Mabokosi a fomu. Apa ndakhalitsa, chifukwa ndi pamene fomuyi imakana anthu a kwathu kuno popanda ngakhale log kudziwa.

Bokosi la dzina linali ndi lamulo lolola zilembo A mpaka Z ndi mpata basi. Ndiye kuti a Ng'oma onse, a Ng'ambi, a Ng'uni, aliyense wa dzina lokhala ndi kachizindikiro pambuyo pa g, ankauzidwa m'Chingerezi kuti dzina lawo n'lolakwika. Zandipweteka mtima kuziona. Munthu wabwera kudzagula kwa ife, ndipo mawu oyamba amene tikumuuza ndi akuti dzina la makolo ake silikuvomerezeka. Kungoonjezera kachizindikiroko pa lamulolo sikukwanira, chifukwa mafoni ena amalemba kowongoka, ena kopindika, ndipo kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Lamulolo ndalichotsa lonse. Chatsala ndi utali wa dzina ndi kuchotsa mipata ya kumapeto. Chitetezo sichili pa kusefa maina: ORM, gawo la Django lolankhula ndi database, imateteza kale database, template, chikombole cha tsamba, imateteza kale HTML, ndipo Django imakana yokha mutu wa imelo wokhala ndi mzere watsopano.

Koma chitetezo cha template chomwecho chinaonekera pena. Mu imelo yofika ku ofesi, Ng'oma anatuluka ngati `Ng'oma`. Django imasanduliza zizindikiro zotere mu template iliyonse, ngakhale fayilo ikhale ya `.txt`. Imelo yathu ndi ya mawu okhaokha, yopanda HTML, choncho mu template imeneyo yokha ndaika `autoescape off`.

Nambala ya foni. Lamulo lakale linkalandira manambala 10 oyamba ndi 095, 096 kapena 097, ndiwo a Zamtel, MTN ndi Airtel monga tinkawadziwira kale. Koma 076 ya MTN ndi 077 ya Airtel zili m'manja mwa anthu ambiri, ndipo zinkakanidwa. Wolemba +260 ankakanidwa. Woika mipata pakati pa manambala ankakanidwa. Foni ya pa desiki ya kuno, yoyamba ndi 0216, inkakanidwa. Ndipo tisaiwale komwe tili: chipata cha Mwami, pa malire ndi Malawi, chili pafupi kwambiri, Lilongwe ali pafupi nafe kuposa Lusaka, ndipo ogula a ku Mchinji ali ndi manambala a +265, a 088 a TNM ndi a 099 a Airtel ya ku Malawi. Nawonso ndi manambala 10, kotero powayang'ana mwachangu amaoneka ngati a kuno.

Sindinalembe lamulo lina lalitali, chifukwa manambala atsopano adzabwerabe ndipo lidzakalamba ngati lakaleli. Ndatenga laibulale ya `phonenumbers`, yochokera ku libphonenumber ya Google, imene imakonzedwanso maiko akasintha manambala awo. Pafupi ndi bokosilo pali kabokosi kosankhira dziko, Zambia ili poyamba, Malawi ndi Mozambique zikutsatira. Mu `clean()` nambala ikusandulizidwa kukhala ya mtundu wa E.164, yoyamba ndi + ndi nambala ya dziko, kuti amayi akangoidina pa foni iziimba. Laibulaleyi iyenera kukwezedwa nthawi ndi nthawi, ndalemba zimenezi mu README, fayilo ya malangizo kwa wodzagwira ntchitoyi.

Imelo inali yokakamiza, foni yosakakamiza. Ndazitembenuza. Ogula aakulu ali ndi imelo, koma mlimi wa ku Sinda amene akufunsa za mbewu ya MGV 5 kapena za kulowa m'gululi ali ndi foni. Ambiri ankangolemba imelo yopeka kuti fomu iwalole kudutsa.

Pomaliza, mndandanda wa maboma. Unalembedwa motengera mapu akale. Munalibe Chipangali ndi Kasenengwa, amene anadulidwa ku Chipata mu 2018, komwe kuli mamembala ambiri a gululi. Munalibe Lumezi ndi Chasefu a ku Lundazi, kapena Lusangazi wa ku Petauke. Chama, amene anapita ku chigawo cha Muchinga mu 2011 n'kubwerera kuno mu 2021, analibenso. Maboma onse 15 a chigawo cha Kum'mawa ndawaika mu tebulo la database m'malo mowalemba mu code, kuti boma latsopano likadzabadwa amayi adzaliwonjezere okha pa admin. Pansi pake pali "Kwina", ndi bokosi lolemba pamanja.

Loweruka

M'mawa apampando anafika ndi pempho: pa fomu pakhale bokosi la nambala ya NRC, chiphaso cha unzika, kuti adziwe kuti wolembayo ndi munthu weniweni. Ndikumvetsa nkhawa yawo, anthu achinyengo alipo pa msika wa mbewu. Ndinati, "Atate, nambala ya NRC tidzaifuna tsiku losainirana mgwirizano, mu ofesi, munthuyo ali pamaso panu. Pa fomu yongofunsira mtengo, tikaitenga ndiye kuti tasenza udindo woisunga." Lamulo la Data Protection Act, nambala 3 la 2021, limafuna kuti wotolera zokhudza anthu atenge zokhazo zofunika pa cholinga chimene wanena, ndi kuzisunga motetezeka. Kupatula apo, wachinyengo angathe kulemba nambala yabodza, pamene munthu woona mtima angaope n'kutseka tsamba. Anakhala chete pang'ono, kenako anavomera, koma anapempha kuti pansi pa fomu palembedwe zimene gululi lidzachite ndi nambala ya foni. Pempho limenelo n'labwino kuposa limene ndikanaliganiza ine, ndipo ndalemba ziganizo ziwiri m'Chinyanja ndi m'Chingerezi.

Django ilibe Chichewa pa zilankhulo zimene imabwera nazo, ngakhale Chiswahili chilimo. Mauthenga a zolakwa ndawalemba pamanja mu `error_messages`, amayi akundikonza. Ine ndinalemba "Nambala iyi ndi yolakwika." Iwo anati ayi, munthu sauzidwa choncho, tilembe "Chonde onaninso nambala yanu, ioneka ngati yaperewera." Tatenga awo. Template yakale sinkaonetsa `form.errors` pafupi ndi mabokosi, komanso inkabweza fomu yopanda kanthu, munthu n'kuyambanso kulemba zonse ndi chala chimodzi. Tsopano zimene analemba zikubwerera momwemo, cholakwa chili pansi pa bokosi lake.

Masana tinapita ku msika wa Kapata ndi mnyamata wa mu ofesi, kukapempha mamembala amene amagulitsa kumeneko kuti ayese pa mafoni awo. Pa mafoni aakulu zonse zinayenda. Pa tifoni ting'onoting'ono tokhala ndi Opera Mini, reCAPTCHA, mayeso osankha zithunzi otsimikizira kuti wolemba ndi munthu, inakana kuoneka bwino, ndipo popanda iyo fomu sinkatumizika. Bambo wina atasankha zithunzi za magetsi a pamsewu kangapo anangobweza foni m'thumba, nati bandulo yake si yoseweretsa. Ndaichotsa reCAPTCHA. M'malo mwake pali bokosi lobisika limene munthu saliona koma maroboti a spam amalidzaza, komanso nthawi imene fomu inatsegulidwa, yosainidwa ndi `TimestampSigner` ya Django, kuti fomu yodzazidwa m'kuphethira kwa diso iziikidwa padera. Ndikuti kuikidwa padera, osati kutayidwa: mauthenga okayikitsa akulowabe mu database ndi chizindikiro chake, kuti ngati mwagwera munthu weniweni apezeke. Fomu yonse tsopano ikugwira ntchito ngakhale JavaScript itazimitsidwa.

Lolemba lotsatira

Mauthenga ayamba kufika. Woyamba weniweni ndi wa wogula wa ku Mchinji wofunsa za nshawa za Chalimbana, ndipo amayi anamuimbira tsiku lomwelo.

Ndalemba mayeso a makina pa chilichonse chimene chinatisautsa: dzina la kachizindikiro kowongoka ndi kopindika, nambala ya 077, ya +265, uthenga wa kachithunzi, kudina kawiri, ndi seva ya makalata yakufa. Mayeso omalizawa ndiwo ofunika kwambiri kwa ine. Amazimitsa imelo dala, n'kutsimikiza kuti uthenga uli mu database ndipo ukudikira kutumizidwa. Management command ija ndaionjezeranso ntchito: uthenga ukakhala ola lathunthu osatumizidwa, pa tsamba loyamba la admin pakutuluka chenjezo lofiira.

Zotsala. Malaiti akathima, kompyuta ya mu ofesi imagona pamene seva ikulandirabe mauthenga, choncho tikufuna SMS yaifupi yopita pa foni ya amayi uthenga watsopano ukafika. Apampando apita nayo nkhani ya mtengo wake ku komiti Lachinayi. Amayi ndiwaphunzitsa admin mawa m'mawa, makamaka kuika chizindikiro pa mauthenga amene ayankhidwa ndi kuyang'ana aja oikidwa padera kamodzi pa sabata. Malire a zigamba za Django 4.2 ndi Epulo 2026, ndiye kusamukira pa 5.2 kuchitike msika wa mbewu ukatha, osati pakati pake. Ndipo mwezi uno usanathe ndikufuna kupita ku Chadiza kukayesa fomuyi pa netiweki ya kumudzi, chifukwa ya ku Kapata ndi ya m'tauni.